Malita 180 amene anasowa pa njira ya ku Beira

Ndimayang'anira maulendo pa kampani ina yaing'ono ya mtengatenga mumzinda wa Blantyre. Tili ndi mathiraki 14. Ambiri amayenda njira ya ku Beira, atatu kapena anayi amapita ku Johannesburg ndi Durban katundu akapezeka. Nkhani ili pansipa inayamba mu Okutobala 2023 ndipo inatha kumayambiriro kwa 2025. Inafika pa tebulo langa ngati mlandu wakuba dizilo, ndipo panatsala pang'ono kuti ndiuweruze choncho. Ndaichotsa mayina onse. Ndalemba kuti anzanga amene amayang'anira madalaivala ndi ogawa maulendo aone pamene ife tinaterereka, chifukwa ena mwa malo oterera aja ndinawathira madzi ndine.

Anthu ake ndi njira yake

Dalaivala wa nkhaniyi ndi bambo wa zaka za m'ma 50, amene pa nthawiyo anali atakhala nafe zaka 9 popanda kalata ya chenjezo ngakhale imodzi. Pa yadi aliyense ankangowatchula kuti madala. Sanali munthu wolankhulalankhula. Akabwera ku ulendo ankapereka mapepala, n'kutsuka okha hosi yawo (mutu wa thiraki umene umakoka ngolo), n'kumapita kwawo.

Winayo ndi wogawa maulendo, amene madalaivala amangoti kontirola. Anali mnyamata wa zaka zosakwana 30, wa dipuloma yake, wochenjera pa kompyuta, ndipo anali atagwira nafe miyezi 10. Ndinamulemba ntchito ndine, ndipo ndinkamunyadira chifukwa chiyambire iye makasitomala anasiya kudandaula kuti sakudziwa pamene katundu wawo ali.

Kwa amene sali mu ntchitoyi, kontirola ndiye amalandira oda kwa kasitomala, n'kusankha thiraki ndi dalaivala, n'kulumikizana ndi ejenti wa mapepala ku doko ndi pa boda, n'kupempha alawansi ndi dizilo ku akawunti, kenako n'kumatsatira galimoto pa tracker (kachipangizo koonetsa pamene galimoto ili) mpaka itatsitsa. Dalaivala akangodutsa geti, kampani yonse imasanduka mawu a munthu mmodzi ameneyu pa foni. Eni kampani sawaona, ine sandiona. Njala ikamupweteka ku Dondo, tayala likaphulika ku Guro, nambala yoimba ndi imodzi basi. Koma kwa kontirola, dalaivala ndi kadontho koyenda pa sikirini, kamodzi mwa timadontho 14.

Njirayo ndi ya makilomita opitirira 800 ulendo umodzi. Kuchoka ku Blantyre mumadzera pa Zalewa, Mwanza, n'kuwoloka boda kulowa Zóbuè, kutsetsereka mpaka Moatize, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014 kuti magalimoto olemera asamadzere pakati pa Tete, kenako Changara, Guro, Catandica, Vanduzi, Chimoio, Inchope, Nhamatanda, Dondo, n'kufika ku Beira. Pobwera ndi matani 30 a feteleza, mtunda wochokera m'chigwa cha Zambezi kukwera ku Zóbuè umadya dizilo modetsa nkhawa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala ku Tete kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40, ndipo ndi nthawi yomweyo imene aliyense amafuna feteleza wake afike mvula isanagwe.

Chizindikiro choyamba

Chakumapeto kwa Novembala 2023 mnyamatayo anabwera ndi mapepala atatu olembedwa bwino. Pa maulendo atatu otsatizana, thiraki ya madala inadya dizilo wopitirira muyeso wathu ndi malita 180 onse pamodzi. Tracker inkaonetsa galimoto itaima koma injini ikulira, nthawi zina ola lathunthu, mbandakucha, m'malo ngati Changara ndi Catandica kumene aliyense amadziwa kuti zigubu sizisowa m'mbali mwa msewu. Pa ulendo wachitatu madala anakhala masiku 13 m'malo mwa 7, ndipo masiku anayi omalizira sankayankha foni ya ku ofesi. Pansi pa pepala lachitatu panalembedwa maganizo ake: munthuyu akupopa dizilo, achotsedwe kuti ena atengerepo phunziro.

Eni kampani atawerenga anangoti, "Lembani kalata." Inenso mtima wanga unali komweko. Manambala ankagwirizana, ndipo munthu wosayankha foni amaoneka wolakwa ngakhale asanatsegule pakamwa.

Zinthu ziwiri zinandigwira dzanja. Choyamba ndi lamulo. Gawo 57 la lamulo la za ntchito, Employment Act ya 2000, limafuna kuti pakhale chifukwa chomveka chochotsera munthu, komanso kuti apatsidwe mwayi wodziteteza pa zimene akumunenera asanachotsedwe. Olemba ntchito ambiri amagwa ku khothi la milandu ya za ntchito, Industrial Relations Court, osati chifukwa wantchito analibe mlandu, koma chifukwa sanamukhazike pansi n'kumumva. Chachiwiri chinali zaka 9 zija. Munthu amene sanabepo lita imodzi pa nthawi imene tinalibe tracker, ayambe kuba tsopano pamene akudziwa kuti diso lili pa iye usana ndi usiku? Sizinandilowe bwino.

Choncho ndinawaimitsa kaye ntchito akulandirabe malipiro, n'kuika tsiku lomva nkhani patatha masabata awiri. Thiraki yawo sikanangokhala pa yadi m'nyengo ya feteleza, ndiye ndinaipereka kwa dalaivala wina. Ndinachita zimenezi pofuna ndalama chabe, osati pofufuza, koma apa ndi pamene nkhani yonse inatembenukira. Dalaivala uja anabwera patatha masiku 8 ali ndi ukali. Galimotoyo, anatero, ikutaya mpweya. Ukaima usiku, m'mawa umapeza matanki a mpweya ali gwa, opanda kanthu, ndipo uyenera kuliza injini kwa nthawi yaitali kuti mabuleki a ngolo amasuke. Nayenso anapitirira muyeso wa dizilo.

Zimene tinapeza

Ku galaja anapeza valavu ya mpweya ya pa ngolo yong'aluka, ndi paipi imodzi yokhuzika. Mabuleki a magalimoto amenewa amagwira okha mpweya ukachepa. Ndi chitetezo, koma chimatanthauza kuti mpweya ukatha pamtunda, thiraki ya matani 30 ikhoza kuuma pakati pa msewu usiku, pakona, popanda chenjezo kwa amene akubwera kumbuyo. Ndinafunsa kapitawo wa amakaniko ngati anamvapo za vutoli. Mu buku lake munalibe kalikonse.

Ndinapita kunyumba kwa madala, osadikira tsiku lomva nkhani. Sindikulimbikitsa aliyense kuchita zimenezi mwachisawawa, chifukwa zingaoneke ngati mukukonzera mlandu kumbali, koma ndinkafuna kuona foni yawo isanafufutidwe. Mayi a kunyumba anandiyalira mphasa pakhonde, madala n'kutulutsa foni yosweka galasi. Mauthenga a mawu a pa WhatsApp onse analimo. Pa ulendo woyamba mwa atatu aja, ali pa Changara, ananena momveka kuti galimoto ikutaya mpweya. Yankho la kontirola linali lakuti, "Tiona mukabwera, feteleza sadikira." Atabwera anapeza oda ina ikuwadikira, ndipo anatembenuka tsiku lotsatira. Anabwerezanso pa ulendo wachiwiri. Yankho linali chala chokweza m'mwamba chija basi.

Titawerenga bwino malipoti a tracker, maola amene injini inalira galimoto itaima pa maulendo atatuwo anakwana pafupifupi 30. Injini ya hosi ikamangolira pamalo amodzi imamwa malita awiri kapena atatu pa ola. Apo pokha panapita malita pafupifupi 80. Lipoti limeneli linalipo kuyambira kale. Mnyamatayo analiona, koma analiwerenga ndi maso a munthu amene wagamula kale.

Gawo lachiwiri linali mkati mwa Beira. Muyeso wathu wa dizilo unkawerengera kuchoka pa geti lathu kukafika pa geti la doko, n'kubwerera. Ndinaupanga ndine zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo sindinaukhudzenso. Koma pa maulendo awiri, madala anatumizidwa ku nyumba yosungiramo katundu ina kunja kwa mzinda, n'kubwezedwa, n'kuuzidwa kuti apite ku ina, n'kubwereranso kokaimika chifukwa mapepala anali asanatuluke. Makilomita amenewa anapitirira 100 ndipo palibe pamene analembedwa, chifukwa malangizo onse anali a pakamwa. Pamenepo panapita malita ena pafupifupi 60.

Panatsala malita 40 opanda mwini.

Masiku asanu ndi limodzi ku Beira

Ulendo wachitatu ndi umene uyenera kufotokozedwa pang'onopang'ono. Pa 9 Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Madala ananyamuka patangopita masiku awiri. Alawansi yathu inali ya ulendo, osati ya tsiku, ndipo inkaperekedwa mu makwacha, dalaivala n'kukasintha yekha kukhala meticais, ndalama ya ku Mozambique, pa boda. Chiwerengero cha makwacha chinali chomwe chija cha mwezi wathawo. Atafika pa Zóbuè, zimene analandira m'manja zinali zochepa kwambiri kuposa masiku onse. Ife ku ofesi tinali otanganidwa ndi kukweza mitengo kwa makasitomala, za thumba la dalaivala palibe anaziganizira.

Kontirola anatumiza galimotoyo asanalandire chitsimikizo chakuti katundu watulutsidwa. Ejenti anamuuza pa foni kuti zitheka mawa, iye n'kukhulupirira, pofuna kuti thiraki ikhale patsogolo pa mzere. Mawa lija linakhala masiku 6. Tsiku lililonse madala ankalipira malo oimikapo galimoto, mlonda, madzi osamba, chakudya. Tsiku lachitatu anapempha ndalama yowonjezera. Mnyamatayo sanabweretse pempholo kwa ine. Pambuyo pake anavomera kuti ankaopa kuti ndimufunsa chifukwa chimene anatumizira galimoto mapepala asanakonzeke. Anangowayankha kuti apirire.

Tsiku lachinayi madala analemba mu gulu la WhatsApp la madalaivala onse, mwaulemu ndithu, kufunsa ngati ku ofesi kuli munthu amene angawathandize. Mnyamatayo anaona ngati amuyalutsa pagulu. Anayankha ndi uthenga wa mawu, mu gulu momwemo: "Iwe, usandisowetse mtendere. Ukufuna mapepalawo ndikupangire ndi manja anga? Ngati watopa ndi ntchito unene."

Iwe. Kwa bambo wa msinkhu wa bambo ake, amene mwana wawo woyamba ndi wamkulu kuposa iye, pamaso pa anzawo 13. Amene sanakulire kuno angaone ngati ndi kanthu kakang'ono. Pa yadi pathu palibe dalaivala amene anaiwala uthenga umenewu, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti unazungulira mpaka m'magulu a madalaivala a makampani ena. Kuyambira ola limenelo madala sanayankhenso foni ya mnyamatayo. Mapepala atatuluka anamva kwa ejenti, n'kupakira, n'kubwera chete.

Mu gulu limenelo inenso ndinalimo. Uthengawo ndinaumva tsiku lomwelo ndili pa mzere wa mafuta. Ndinangoti mnyamatayu wapsa mtima, ndimulankhula, kenako n'kuiwala. Patatha masabata awiri, pamene ankandionetsa kuti madala sayankha foni, sindinalumikize zinthu ziwirizi ngakhale pang'ono.

Tsiku lomva nkhani

Tinakhala anthu asanu: ine, wa ku akawunti, madala, dalaivala mnzawo amene anamusankha kuti awaperekeze, ndi wolemba. Mnyamatayo analowa ngati mboni. Ndinayala zimene tinapeza, za mpweya ndi za makilomita a mu Beira, ndipo ndinanena poyera kuti malita 40 sitikudziwa kumene anapita. Kunena zoona, akanakhala chete sitikanawagwira. Malita 40 pa makilomita pafupifupi 5,000 akhoza kubisala mu mtunda wa ku Zóbuè kapena mu mphepo.

Anakhala kaye phee, chipewa chili pa bondo. Kenako anati, "Bwana, malita 40 ndinagulitsa ndine, sindikana. Ndinadya, ndinalipira mlonda kuti asandibere mabatire anu. Enawo funsani galimoto yanu."

Wa ku akawunti anafunsa chifukwa chimene sanandiimbire ine mwachindunji. Yankho lawo landikhala m'mutu mpaka lero: "Munalimo mu gulu muja, bwana. Ndinaona kuti mwamva."

Khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Mnzawo uja, poona kuti pakamwa patseguka, anafunsa chifukwa chimene maulendo a ku Johannesburg, amene alawansi yake ndi yonona, ankangopita kwa anthu atatu omwe omwewo. Nditawerenga buku la miyezi 6, zinali zoona. Madala sanapiteko ngakhale kamodzi. Pa yadi pankamveka manong'onong'o akuti atatuwo ankamubweretsera mnyamatayo tinthu ta ku Joni, mafuta ophikira, nsapato. Ndinafufuza, sindinapeze umboni wogwirika, ndipo sindinamuimbe mlandu umenewu. Iye anati ankapereka maulendo aatali kwa amene amayankha foni msanga ndi kutumiza zithunzi za mapepala popanda kukumbutsidwa. Ndikukhulupirira kuti mwa zina ankanena zoona. Koma taonani mmene zimazungulirira: amene mumagwirizana naye amayankha msanga, ndiye mumamupatsa zabwino, ndiye amayankha msanga koposa. Amene munamunyoza amachedwa kuyankha, ndiye buku limaonetsa kuti ndi wovuta.

Mbali ya mnyamatayo

Zikanakhala zophweka kutembenuza mkwiyo wonse n'kuuthira pa kontirola, ndipo madalaivala ankayembekezera zimenezo. Nditakhala naye pansi patokha ndinaona zina. Anali yekha pa mathiraki 14, foni yake siinkazima usiku kapena Lamulungu. Eni kampani ankamuimbira mwachindunji, kundidumpha ine, nthawi zina 11 koloko usiku, kufunsa chifukwa chimene galimoto yakuti yaima. Kabonasi kake tinakamangirira pa chiwerengero cha maulendo amene thiraki iliyonse yapanga pa mwezi. Munthu womulipira motero, ukamuuza kuti galimoto ilowe ku galaja masiku awiri, wamuuza kuti adzidule yekha malipiro. Tinamupatsa chifukwa chobisira vuto la mabuleki, kenako n'kudabwa kuti walibisa.

Komanso anali asanadutsepo pa Mwanza. Beira ankaidziwa pa mapu. Sankadziwa kuti mbale ya nsima imagulidwa bwanji kumeneko, kuti kugona mu kabini ku Tete mu Novembala kumatanthauza chiyani, kapena kuti dalaivala wopanda ndalama sangasiye galimoto n'kupita kukafuna thandizo chifukwa akabwera apeza mabatire ndi matenti zapita. Za "iwe" uja anati ku koleji ndi m'magulu a anzake amalankhulana choncho, sanaganize. Apa sindinamuvomereze. Kwawo sangayerekeze kuwatero amalume ake, ndipo ankadziwa.

Zimene tinagamula

Eni kampani anaumirira kuti wakuba ndi wakuba, malita 40 kapena 400. Mfundo yawo inali ndi mutu: ukalekerera mmodzi, mawa onse agulitsa n'kunena kuti anali ndi njala. Ndinawayankha kuti tikawachotsa madala, phunziro limene madalaivala 13 atengepo ndi lakuti ukagwidwa usavomere. Ndinawakumbutsanso kuti nkhaniyi ikapita ku khothi, mauthenga onse aja akamvedwa, kuphatikizapo pempho la ndalama limene kampani sinayankhe ndi lipoti la mabuleki limene linakwiriridwa. Tinakangana masiku awiri. Mapeto ake madala analandira chenjezo lomaliza lolembedwa, ndipo anasaina kuti mtengo wa malita 40 udulidwe pa malipiro awo m'miyezi iwiri. Ifenso tinawalipira masiku 6 aja amene anakhala ku Beira. Ndinaonetsetsa kuti ziwirizi zilembedwe pa mapepala osiyana, kuti pasaoneke ngati tikusinthanitsa.

Mnyamatayo analandira chenjezo lolembedwa pa mlandu umodzi: kusapereka ku galaja lipoti la vuto la mabuleki, kawiri. Za chipongwe sindinazilembe mu kalata. Ndinaona kuti pepala silingakonze zimenezo. Ndinapempha dalaivala wina wachikulire, amene onse amamulemekeza, kuti akhale ngati nkhoswe. Iyeyo ndiye anamutenga mnyamatayo n'kupita naye kwa madala Loweruka lina. Koma poti chipongwe chinachitikira pagulu, anagwirizana kuti kupepesa kubwerezedwe pa yadi Lolemba m'mawa, onse alipo. Mnyamatayo anapepesa, mawu akunjenjemera. Madala anangoti, "Ndamva, achimwene." Kenako ndinapepesa ine, chifukwa cha kumva n'kukhala chete. Eni kampani sanasangalale nazo, anati bwana sapepesa pa yadi. Ndikuganizabe kuti pa zonse zimene tinachita, chimenechi ndicho chinatsitsa mapewa a anthu.

Mu Januwale 2024 ndinamukweza mnyamatayo mu kabini ya dalaivala wina, ulendo wa ku Beira, ndi alawansi yofanana ndi ya dalaivala, osawonjezera tambala. Ndinagwira ntchito yake ndine masiku amenewo, ndipo ndinaphunzira zanga: pofika tsiku lachitatu ndinali nditakalipira kale anthu awiri pa foni. Iye anabwera patatha masiku 9, atada, atalumidwa ndi udzudzu, ndalama zitamuthera pa Inchope pobwerera. Sanalankhule zambiri. Anangopempha kuti tikambirane za alawansi.

Zimene tinasintha pa kayendetsedwe ka ntchito zinachokera m'mabala amenewa. Alawansi ya ulendo inakhalabe, koma galimoto ikaima kupitirira tsiku limodzi pa chifukwa chosachokera kwa dalaivala, tsiku lililonse lowonjezera limalipidwa, ndipo kontirola ali ndi mphamvu yotumiza ndalama ya masiku awiri popanda kupempha kwa wina aliyense. Gawo la ku Mozambique timaliwerengera mu meticais, n'kulisintha kukhala makwacha pa tsiku lonyamuka. Vuto la galimoto dalaivala amalinena kwa kapitawo wa amakaniko mwachindunji, ndipo kapitawoyo akati galimoto siituluka, kontirola alibe mawu. Thiraki siinyamuka kukatenga katundu ku doko popanda uthenga wolembedwa wochokera kwa ejenti. Malangizo alionse osintha njira amalembedwa, osati kunenedwa, ndipo makilomita ake amawonjezedwa pa muyeso wa dizilo. Bonasi ya kontirola tinaichotsa pa chiwerengero cha maulendo chokha.

Chimodzi sichinayende. Tinakhoma bolodi pa yadi losonyeza mndandanda wa amene akutsatira pa ulendo wa ku Joni, kuti kukondera kuthe. Linagwira miyezi itatu. Makasitomala ena amafuna mtundu wakutiwakuti wa ngolo, wina pasipoti yatha, wina galimoto ili ku galaja tsiku lake litafika, ndipo kulumpha kulikonse kunkabala mkangano woposa wakale. Tinalichotsa. Tsopano maulendo amenewo ndimagawa ndine, ndipo mwezi ukatha ndimawerenga pamaso pa onse amene anapita ndi chifukwa chake. Madandaulo alipobe, koma amabwera kwa ine.

Kwa anzanga a ntchitoyi, pali chinthu chimodzi chimene ndimachita tsopano lipoti la dizilo likabwera: ndimayamba ndafunsa kuti walemba ndani, ndipo iye ndi dalaivalayo akukhalitsana bwanji. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Tracker siinama, koma imangonena kuti injini ikulira, siinena chifukwa chake, ndipo amene amaimasulira ndi munthu wokhala ndi mantha ake ndi bonasi yake. Dalaivala wakale akasiya mwadzidzidzi kuyankha foni, ndimafufuza uthenga womaliza umene analandira asanakhale chete. Ndipo ndisanamuimbe munthu mlandu wa mafuta, galimoto yake imayamba yayenda ulendo umodzi ndi munthu wina.

Zimene zinatsatira

Awiriwa sanakhale mabwenzi. Ankalankhulana za ntchito basi, mwaulemu wozizira, "madala" uku "achimwene" uku. Dizilo wa thiraki ija anabwerera pa muyeso valavu itasinthidwa.

Mayeso enieni anabwera kumapeto kwa 2024. Chisankho cha ku Mozambique cha pa 9 Okutobala chitachitika, kunabuka zionetsero zimene zinatenga miyezi, misewu ikutsekedwa m'malo osiyanasiyana, ndipo magalimoto ambiri a ku Malawi anakodwa m'njira. Tsiku lina mu Disembala madala ali pafupi ndi Chimoio ndi katundu, anaimba foni, iwo eni, kunena kuti zimene akumva kwa anzawo akutsogolo sizili bwino, aimika galimoto pamalo otetezeka ndipo sasuntha. Kasitomala ankalusa. Eni kampani anaimbira mnyamatayo usiku kuti awauze madala ayende mbandakucha, ena akudutsa. Mnyamatayo anayankha kuti amene ali pamsewu ndi amene akuona, ndipo iye sawauza kuti ayende. Anatumiza ndalama ya masiku awiri usiku womwewo, n'kundiuza m'mawa. Galimoto inakhala masiku atatu, n'kufika bwinobwino. Sindinganene kuti ikanayenda ikanaotchedwa. Mwina ikanadutsa ngati enawo. Kasitomala uja anatidula ndalama chifukwa cha kuchedwa, ndipo eni kampani anandikumbutsa za ndalama imeneyo kangapo.

Mu Febuluwale 2025 madala anapereka kalata yosiya ntchito. Anapeza malo pa kampani ya matankala a mafuta oyenda njira ya ku Dar es Salaam, kudzera pa Songwe, kumene malipiro ndi okwera kuposa athu. Ndinayesa kuwanyengerera, koma ndalama imene ndikanawonjezera sinafike. Tsiku lobweza makiyi ndinawafunsa ngati nkhani ija inali m'gulu la zifukwa. Anati ayi, za mnyamatayo zinatha kalekale, mwanayo wakula. Kenako ali pakhomo anatembenuka n'kunena kuti chimene sichinawachoke ndi kalata ya chenjezo ija, kuti pa zaka zonse anagwira pano, pepala lokhalo limene lili mu fayilo yawo ndi lowatchula wakuba. Ndinalibe chowayankha, chifukwa ndinasaina ndine, ndipo nditati ndibwerere m'mbuyo ndikanasainabe.

Mnyamatayo alipobe. Tinamulembera mnzake womuthandiza, amasinthana Loweruka ndi Lamulungu. Eni kampani amamuimbirabe usiku, kundidumpha ine. Ndalankhula nawo katatu.